Amayi Opindidwa M'madisiketi

Ofesi ya pa esiteti imene ndinakulira ku Thyolo inali pamwamba pa chitunda, kuseri kwa fakitale ya tiyi, ndipo pa Sande inkangoti zii. Abambo anga anali kalaliki kumeneko. Popeza ndife a Sabata, Loweruka sankagwira ntchito, choncho mabwana anawalola kuti azibweza tsikulo pa Sande, anzawo onse ali ku tchalitchi kapena ku mowa. Ine ndinali mwana mmodzi yekha, wopanda mayi, ndipo kunyumba kunalibe wotsala nane. Ndinkawatsatira. Tinkadutsa m'kanjira ka pakati pa minda ya tiyi, masamba onyowa akundinyowetsa diresi, ndipo nyengo ya chiperoni nkhungu inkatsika mpaka pansi moti abambo akatsogola pang'ono ndinkangowamva mapazi. M'ofesimo munkanunkha polishi, mapepala achinyezi ndi fungo lija la masamba ofota lochokera ku fakitale, lomwe mpaka lero likandipeza mwadzidzidzi mtima umandigunda.

Amayi anga, a Elube, anamwalira ndisanakwanitse zaka zitatu. Nkhope yawo sindinkaikumbukira ngakhale pang'ono. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha, ndipo chinkakhala m'sutikesi yokhoma pansi pa bedi la abambo. Amene analetsa kuti ndisachione anali mng'ono wawo wa amayi, amayi aang'ono a Roza, omwe ankathyola tiyi pa esiteti yomweyo. Iwo ankati mwana wolira m'tulo kuitana mayi wake saonetsedwa chithunzi, kuopa kuti wopitayo angabwere kudzamutenga. Abambo ankatsutsa zimenezo ponena kuti akufa ali mtulo ndipo sadziwa kanthu, monga tinkaphunzirira ku tchalitchi, koma sankafuna kukangana ndi alamu awo. Anangondilonjeza kuti ndikadzalemba mayeso a sitandade eyiti adzandionetsa. Pamenepo n'kuti ndili sitandade folo, ndipo ndinkaona ngati andiuza kuti ndidikire mpaka nditamera imvi.

Uku kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kompyuta inalipo imodzi pa esiteti yonse. Inkakhala pakona, itafunditsidwa nsalu yoyera kuopa fumbi, ndipo ine sindinkakonda kukhala nayo ndekha m'chipinda. Achinyamata a masiku ano sangamvetse. Inalibe tizithunzi tokongola todina. Galasi lake linali lakuda bii, pakona pali zilembo zochepa ndi kamzere kophethira, kodikira. Umailamula polemba mawu, ndipo ukaphonya chilembo chimodzi imakukanira mwamwano. Abambo ankalemba ndi zala ziwiri zokha, milomo ikugwedera ngati akupemphera.

Sande ina ananyamula envulopu m'jumbo ya shuga. Titafika anandikhazika pa benchi, nandiuza kuti ndiyang'ane kukhoma. Ofesi inali itangogula makina okopera mapu a minda, ndipo ndinamva chivundikiro chake chikutsekedwa, kenako kuwala kobiriwira kunayenda pakhoma pang'onopang'ono n'kubwerera. Ndinafunitsitsa kucheuka, koma abambo anga sanali munthu wobwereza mawu. Atandiitana, galasi linali litada kale. Analemba zilembo zitatu, ARJ, n'kuonjezera zina zambiri, ndipo manambala anayamba kuthamanga. Kabowo kolowetsamo disiketi, kambale kapulasitiki kosungirapo za mu kompyuta, kankalira kuti kuru, kuru, ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Pakapita nthawi kompyuta inkaima n'kulira, iwo n'kutulutsa disiketi, kuilemba ndi bolopeni, n'kulowetsa ina.

Ndinawafunsa chimene ankachita.

"Ndikupinda amayi ako kuti akwane umu," anatero, maso ali pagalasi.

Anandifotokozera bwinobwino, ndiyenera kuwachitira chilungamo. Anati chinyezi chayamba kudya chithunzi chija, ndiye achikopera mu kompyuta chisanatheretu. Koma kompyutayo ndi ya kampani, sangasungemo za kunyumba, ndipo chithunzicho n'chachikulu moti sichingalowe mu disiketi imodzi. Pulogalamu ya ARJ ntchito yake inali kufinya zinthu kuti zichepe, ndipo zikakanabe kukwana inkazidula mapisi n'kuika pisi iliyonse mu disiketi yakeyake. Anati ndi chimodzimodzi tiyi: dengu lodzaza masamba likadutsa m'fakitale limakwana m'kapaketi, koma ukathira madzi otentha tiyi amabwerera. Zonsezo zinadutsa pamwamba pa mutu wanga. Ine ndinangomva mawu awiri, kupinda ndi kudula. Tsiku limenelo sindinadye, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkazungulira patali ndikamadutsa pa shelefu ya kunyumba pomwe anaika kabokosi ka madisiketiwo.

Chaka chotsatira abambo anadwala chifuwa. Anagonekedwa m'chipatala ndipo sanatuluke ndi moyo. Tinakawaika kumudzi kwawo, kufupi ndi Makwasa. Za malirowo ndimakumbukira zochepa, koma za tsiku logawa katundu ndimakumbukira zonse.

Kwathu munthu akamwalira, abale ake amayala mphasa pabwalo n'kutulutsa zonse zomwe anasiya. Aliyense wamagazi ayenera kutengapo kanthu, ngakhale sokosi, kuti pasadzapezeke wodandaula kuti anamumana m'bale wake. Ndipo zinthu zofanana sizipita kwa munthu mmodzi. Malaya akakhala atatu, amapita kwa anthu atatu. Mbale zikakhala zinayi, zimapita makomo anayi. Amene ankagawa anali mkulu wawo wa abambo, abambo aakulu a Dinala a ku Chimaliro, munthu wa mawu aakulu wokonda kuoneka wodziwa zinthu. Anatsegula sutikesi ija pamaso pa onse, ndipo ine ndinadzipanikiza pakati pa azimayi kuti ndione. Envulopu inalimo. Koma atasolola chithunzicho, chinali pepala lotuwa lokhala ndi mawanga a nkhungu, lomata ngati lanyowa ndi phala. Panalibe munthu, panalibe ngakhale mthunzi wa munthu. Analiponya pambali pamodzi ndi manyuzipepala akale.

Kenako anafika pa kabokosi. Munali madisiketi atatu. A Dinala anawatembenuzatembenuza, nanena kuti izi n'zinthu zodula za ku ofesi, mmodzi sangatenge zonse. Mwana salankhula pa bwalo lotere, koma ine ndinalankhula. Ndinati muli amayi anga mmenemo, musawalekanitse. Anthu anayang'anana. Ena anagwira pakamwa, ndipo akuluakulu anasinthira ku Chilomwe chozama, chimene ankalankhula akafuna kuti ana tisamve, koma ndinatolapo kuti chisoni chandisokoneza mutu. Pofuna kunditonthoza anandipatsa imodzi. Yachiwiri anatenga a Dinala. Yachitatu inapita kwa azakhali a Fanesi, mlongo wawo wa abambo, omwe ankakhala ku Makwasa komweko. Sindiwada anthu amenewo. Anachita mwambo wawo molondola, ndipo sanadziwe kuti akugawana munthu.

Nyumba ya kalaliki inabwerera ku kampani, ine n'kusamukira ku malaini, nyumba za antchito, kwa amayi aang'ono a Roza. Disiketi yanga ndinaikulunga m'jumbo n'kuibisa m'chikwama cha kusukulu. Inalembedwa ndi dzanja la abambo, ELUBE 1. Ndinkaiopa, komanso sindinkatha tsiku osaigwira. Nthawi zina ndinkakankha kachitseko kake kachitsulo n'kusuzumira. Munkangooneka kapulasitiki kakuda konyezimira.

Mpando wa abambo unatengedwa ndi mnzawo, a Muhiwa, munthu wamtali wosalankhulalankhula, yemwe kumapeto kwa mwezi ankagwiranso ntchito pa Sande. Ndinazengereza miyezi ingapo, koma tsiku lina ndinanamiza amayi aang'ono kuti ndikukatola nkhuni ku mabulugama, n'kukwera chitunda chija ndekha m'nkhungu. A Muhiwa ataona dzanja la mnzawo pa disiketiyo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Sanandifunse zambiri. Anailowetsa, n'kulemba ARJ ndi chilembo X, chomwe anati ndicho chimauza pulogalamuyo kuti ifunyulule zimene inapinda. Kulira kuja kunayamba, kuru, kuru, ndipo ndinamva ngati abambo angotuluka panja pang'ono. Kenako inaima n'kupempha disiketi yotsatira. Ndinawauza komwe enawo anapita. Anapukusa mutu, nati tiyeni tingoona chimene chatuluka mu imeneyi.

Ndinkaganiza kuti chithunzi chimabwera chonse pamodzi. Sichinatero. Galasi linada, ndipo pansi penipeni panatuluka kamzere kotuwa, kenako kena pamwamba pake, kenako kena. Chinkakwera pang'onopang'ono. Poyamba panaoneka simenti ndi m'mphepete mwa kapeti. Kenako nsonga za nsapato zoyera. Kenako mapazi, akakolo, miyendo yowonda, ndi mpendero wa diresi la maluwa. Pamenepo chinaima. Pamwamba ponse panali mdima, ndipo m'munsi mwa mdimawo munaima miyendo iwiri ya munthu wamkazi, phazi limodzi lili patsogolo pang'ono ngati akufuna kuponda kuti atuluke.

Ku sukulu ya Sabata tinaphunzira kuti akufa adzauka lipenga lomaliza likadzalira, koma palibe anatiuza kuti amayambira kumapazi. A Muhiwa anaona kuti ndachita mantha ndipo anandiuza modekha kuti palibe zamatsenga, zithunzi za mtundu umenewo kompyuta imazisunga kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndiye pisi yoyamba ndi ya kumapazi. Ndinawamva, koma maso anga sanachoke pa phazi lija. Ndinafunsa kuti nanga nkhope ili kuti. Anati ili mu disiketi yomaliza, ndipo pulogalamuyo silumpha, imafuna onse motsatana.

Pa holide ndinapita ku Chimaliro ndi mayi wina wogulitsa nthochi. Ndinapeza disiketi yachiwiri ili pamwamba pa wailesi m'chipinda chochezera, atayala kansalu koluka pansi pake. A Dinala ankauza alendo kuti imeneyo ndi kompyuta ya malemu mng'ono wawo, ndipo sankalola mwana aliyense kuikhudza. Nditawapempha anakana. Anati cholowa sichibwerekedwa, ndipo ine ndayamba mwano wa kuchikazi. Ndinakhala pakhonde osadya, osalankhula, mpaka dzuwa linapendeka. Amene anandithandiza anali akazi awo. Anangoitenga pa wailesipo n'kundipatsa, nauza amuna awo kuti chaka chonse chinthucho sichinaimbepo nyimbo ngakhale imodzi. A Dinala anandiperekeza ndi mawu akuti ndikaibweze isanathe batire.

A Muhiwa ataiona anadandaula ndi utsi ndi fumbi zomwe inamwa. Anaiuzira, n'kuilowetsa pambuyo pa yoyamba. Inalira mosiyana, ngati ikukoka chinthu cholemera, n'kuima, n'kuyambanso. Ine ndinali nditaluma chala. Iwo anangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamapeto pake inawerenga. Mizere inakweranso, kudutsa nsapato, kudutsa mpendero, n'kupitirira pomwe inaimira poyamba. Diresi linakwera mpaka m'chiuno. Dzanja limodzi linali lolendewera m'mbali, zala zazitali, chala chaching'ono chopindika pang'ono. Dzanja linalo linali litagwira pamimba, ndipo mimbayo inali yaikulu. A Muhiwa anatsokomola, n'kuloza ndi bolopeni osakhudza galasi.

"Ndiwe uli umu," anatero.

Sindinathenso kubisa. Madzulo a tsikulo ndinauza amayi aang'ono a Roza zonse. Anakalipa koopsa. Anati ndikudzutsa zinthu zogona, a Muhiwa ndi munthu wamkulu wopanda nzeru, ndipo ndikapitanso kumeneko ndikafune kwina kokhala. Anatuluka n'kukatsuka mbale zotsuka kale. Atabwerera anakhala pa mpando osandiyang'ana, ndipo patapita nthawi anandifunsa kuti nsapatozo zinali zotani. Ndinati zoyera, za kalamba kopingasa. Anati nsapatozo zinali zawo, amayi anga ndi amene anabwereka tsiku lokajambulitsa chifukwa mapazi anali atatupa ndipo zawo sizinkalowa. Sanakambenso zondithamangitsa. Sande yotsatira anavala n'kundiuza kuti tiye ku Makwasa.

Azakhali a Fanesi anali munthu wofatsa. Disiketi yawo anaisunga pakati pa Baibulo, ndipo anaipereka osafunsa kanthu. Tinabwerera tili ndi atatu onse, ndipo ine njira yonse ndinkadumphadumpha ngati kamwana ka mbuzi.

Tsiku lokaona nkhope kunacha ndi nkhungu yambiri. Amayi aang'ono anavala chitenje chawo chatsopano ndi duku, ngati akukazonda wodwala. Pa zaka zonse zomwe anathyola tiyi, ofesi ankaidziwira pa windo lolandirira malipiro basi, ndipo atafika pakhomo anavula nsapato. A Muhiwa anawapatsa mpando koma anakana, anaima kumbuyo kwanga atagwira mapewa anga. Ine ndinakhala pa mpando wa abambo, kutsogolo kwenikweni kwa galasi. Yoyamba inalowa n'kutuluka. Yachiwiri inavutanso koma inadutsa. Yachitatu inawerengedwa bwinobwino mpaka kumapeto, ndipo ndinapuma. Pamenepo kompyuta inalira, n'kulemba mzere umodzi wa Chingerezi, kamzere kophethira kaja n'kuima pambali pake.

A Muhiwa anawerenga mzerewo, n'kuyandikira, n'kuuwerenganso.

"Ikufuna yachinayi," anatero.

"Yachinayi kulibe," anayankha amayi aang'ono. "Tonse tinalipo pogawa. Anali atatu."

"Imeneyi sinama, mayi. Amene anapinda anaiuza kuti kudakali ina."

Kunja madontho ankagwa kuchokera pa malata, ndipo chinthu chija chinangokhala chikuphethira, kudikira disiketi imene aliyense wa ife sanaionepo. Kenako a Muhiwa anaiyankha kuti ayi, n'kutsegula chithunzicho. Mizere inakwera. Nsapato, diresi, dzanja pamimba. Zala za amayi aang'ono zinandikanikiza m'mapewa mpaka kuwawa. Panabwera chifuwa, mabatani awiri, mapewa, kolala yoyera yozungulira. Kenako khosi, lalitali, lopendekera pang'ono kumanzere ngati munthu womvetsera. Mzere wina unayamba kujambula kunsi kwa chibwano, ndipo pomwepo chinaima.

Ndinasendera pafupi, ndikuganiza kuti mwina mumdimamo muli kanthu kosaoneka bwino. Nthawi yomweyo nkhungu inang'ambika kunja, kuwala kunalowa pa windo la m'mbali n'kundiwomba kumaso. Ndinamva amayi aang'ono akukoka mpweya kumbuyo kwanga, ndipo ndi mawu apansipansi, amene sindinawamvepo chiyambire, anaitana kuti, "Elube."

Pamwamba pa khosi lija panali nkhope. Inali yotuwa, yosaoneka bwino, koma inali ndi maso ndipo masowo ankandiyang'ana. Ndinaphethira, nayonso inaphethira. Ndi pamene ndinazindikira kuti inali nkhope yanga, yobwezedwa ndi galasi lakuda lija, itakhala ndendende pomwe panayenera kukhala ya amayi. Nditacheuka, amayi aang'ono anali atatuluka kale. Ndinawaona pa windo akutsetsereka m'kanjira ka m'tiyi chothamanga, nsapato atazisiya pakhomo. A Muhiwa anazimitsa kompyuta n'kuifunditsa nsalu yake. Kunyumba ndinayesa kufunsa ngati ndimafanana nawo amayi anga, koma amayi aang'ono anati ndisadzawafunsenso funso limenelo, ndipo mpaka anamwalira sanandiyankhe.

Disiketi yachinayi ndinaifuna paliponse. A Muhiwa anakhuthula madirowa onse a mu ofesi. Ndinapita kwa anthu amene analowa m'nyumba yathu yakale, ndipo anandilola kusuzumira kuseri kwa shelefu ndi kudenga. Pobweza ya a Dinala ndinawafunsa ngati anaona ina, iwo n'kukwiya kuti ndikuwayesa wakuba. Otsala anali azakhali okha, ndipo kwa iwo ndinapita ndilibe chiyembekezo chilichonse, kungokabweza yawo.

Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Ndinawafotokozera zonse, za mapazi, za dzanja pamimba, za khosi, ndi kuti makina aja akupempha ina imene kulibe. Mpeni unaima m'dzanja lawo. Anandifunsa ngati inali yofanana ndi enawo, yakuda, ya kachitseko kachitsulo. Ndinati eya. Anaika chinangwa m'beseni, napukuta manja pa chitenje nthawi yaitali, kenako anandiuza. Tsiku la maliro, iwo ndi amene anasita jekete la Sabata limene abambo anavekedwa. Posita anamva chinthu cholimba m'thumba lam'kati, la kumanzere. Thumbalo linali lotsekedwa ndi pini. Atatsegula anapeza disiketi yokulungidwa m'kapulasitiki ndi m'kampango, ndipo nsalu ya thumbalo inali itatha m'makona, kusonyeza kuti inakhalamo nthawi yaitali.

"Ndinaibwezera momwemo, mwana wanga," anatero. "Ndinati chimene munthu wachisunga pamtima chotere si changa kuchichotsa. Ndinatsekanso ndi pini yake yomweyo."

Anayamba kulira, akupepesa. Ine sindinalire. Ndinadzuka n'kupita kumanda, masana dzuwa likuswa mtengo, ngakhale mwana saloledwa kupitako yekha. Mtumbira wa abambo unali utatitimira pang'ono ndipo unamera chisoso. Ndinaima chakumutu n'kuyerekeza pomwe pangakhale chifuwa chawo. Ndisaname, ndinaganiza za khasu. Ndinaganiza kuti si patali kwenikweni, kuti anthu anayi amphamvu atha kufika dzuwa lisanalowe. Ndinawakwiyiranso abambo, mkwiyo weniweni, chifukwa ankadziwa bwino lomwe chimene chinali mu disiketi yomaliza. Atatu aja anawasiya pa shelefu kuti adzakhale anga, koma nkhope anaitenga n'kumapita nayo ku tchalitchi Sabata lililonse, ine ndili pambali pawo osadziwa kanthu. Kenako mkwiyowo unatha wokha, chifukwa ndinaona koyamba kuti sindinali ndekha amene ndinkawasowa amayi.

Nditabwerera ndinafunsa a Muhiwa kuti disiketi ingakhale nthawi yaitali bwanji pansi pa nthaka. Sanandinamize. Anati dothi la ku Thyolo ndi chinyezi chake, dzinja limodzi lokha ndi lokwanira. Pamenepo n'kuti litadutsa kale dzinja limodzi, lachiwiri lili pakhomo. Chimene anandichitira n'chakuti anasunga chithunzi chodukacho, ndipo makompyuta akamasinthidwa ankachisamutsa, mpaka nditakula anandipatsa.

Masiku ano ndikauza ana anga kuti chithunzi chimodzi chinkafuna madisiketi anayi ndi mawu olemba pamanja kuti chipindidwe, amaseka ngati ndikunena nthano. Foni ya mwana wanga wamkazi ili ndi nkhope zosawerengeka. Amadzijambula kakhumi, n'kufufuta zisanu ndi zinayi chifukwa mlomo sunakhale bwino, ndipo ine ndikamaona chala chake chikufufuta ndimayang'ana kumbali. Ofesi ija ilipobe koma makina aja anatayidwa kalekale, ndipo sindikhulupirira kuti pa esiteti yonse patsala munthu wodziwa kuti ARJ chinali chiyani.

Chaka chatha mwanayo anachipeza chithunzicho, agogo ake ataima mu diresi la maluwa mpaka m'khosi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiuza mwachifundo kuti masiku ano foni itha kujambula mbali yosowayo, ingoona nkhope yanga ndi yake n'kupanga ya agogo, moti palibe angadziwe kuti ndi yopanga. Anali atayamba kale kudina. Ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti asiye. Anadabwa, nandifunsa ngati sindikufuna kuona nkhope ya amayi anga imene inasowa.

Ndinamuuza kuti sinasowe. Ndikudziwa komwe ili, ndipo ndikudziwa amene akuisunga.